Bodza la Aphunzitsi Firmino

Ku Mosteiros, pa chilumba cha Fogo, ukafunsa msodzi, wogulitsa m'sitolo kapena woyendetsa lole kuti anamuphunzitsa kulemba dzina lake ndani, yankho limakhala limodzi: a Firmino Pina. Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri pa sukulu imodzi yomweyo, ndipo atapuma pantchito palibe amene anasiya kuwatchula kuti aphunzitsi. Anali aatali, owonda, oima njo, ndipo ngakhale popita kukagula buledi ankamanga batani la pakhosi.

Bambo awo ankathyola khofi m'minda ya anthu ena. A Firmino analowa uphunzitsi ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, dziko litangolandira ufulu, nthawi imene aliyense wodziwa kuwerenga bwino ankangopatsidwa choko. Maphunziro a ntchitoyo anachita miyezi itatu yokha ku São Filipe, mbali ina ya chilumba chomwecho. Nyanja anali asanawolokepo. Anzawo awiri ophunzitsa nawo anali ataphunzira ku Praia, likulu la dzikolo, ndipo akayamba kucheza za misewu ya kumeneko, a Firmino ankangogwedeza mutu ngati akuidziwa.

Bodzalo linabadwa chaka choyamba chomwecho. Tsiku lina ankaphunzitsa za Cidade Velha, mzinda wakale wa pa chilumba cha Santiago kumene Apwitikizi ankatsitsira akapolo. M'buku munali tsamba limodzi lokha, lopanda chithunzi. Ana ankasokosera, ena akugendana ndi njere za chimanga, ndipo mwana wina wa kumbuyo anafunsa mwachipongwe ngati aphunzitsiwo anafikako. A Firmino anati eya. Kalasi yonse inakhala chete kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito, ndipo kukhala cheteko kunawakomera.

Bukulo linkangonena kuti kumeneko kuli linga, matchalitchi akale, ndi chipilala chimene ankamangirirapo akapolo powakwapula. Zotsalazo a Firmino anadzazamo okha. Popeza mwala uliwonse umene anauonapo pa Fogo unali wakuda, chipilala chawocho chinakhala chakuda bii. Anachiimika pamwamba pa phiri pafupi ndi linga, chachitali kuposa tchalitchi, maunyolo akulendewerabe. Ankati iwo anachikhudza ndi dzanja lawoli dzuwa lili paliwombo, koma chinali chozizira ngati madzi a m'chitsime. Chaka ndi chaka nkhaniyo inkanona. Ana ankaiyembekezera, makolo ankaidziwa, ndipo akazi awo a Marcelina anamwalira akuikhulupirira. Ku Praia anadzapitako kawiri, ulendo wina ku msonkhano wa aphunzitsi, wina kudwazika akazi awowo. Mzinda wa Cidade Velha unali pafupi kwambiri ndi Praia, wosakwana ola pa minibasi, koma maulendo onse awiri anali ndi anthu akwawo, ndipo sakanatha kufunsa njira ya kumalo kumene onse ankadziwa kuti anafikako.

M'chaka cha 1991 m'kalasi mwawo munabwera mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, dzina lake Eneida Furtado. Bambo ake anali apolisi, atasamutsidwa kuchokera ku Santiago. Anzake ankamuseka kale chifukwa cha kalankhulidwe kake ka kwawo. Tsiku la phunziro lija litafika, a Firmino ali pakati pofotokoza za maunyolo, Eneida anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, si chakuda ayi. Ndi choyera. Komanso sichili paphiri, chili pabwalo pafupi ndi nyanja. Agogo anga amagulitsa maswiti a kokonati pomwepo."

Sananene mwamwano. Ankaona ngati akuthandiza. Koma a Firmino anaona maso makumi anayi atatembenukira kwa iwo. Anamuitanira kutsogolo, namufunsa ngati iye amadziwa zambiri kuposa buku ndi aphunzitsi. Anamumenya m'manja ndi kathabwa kasanu ndi kamodzi, kenako anamugwaditsa pakona mpaka nthawi yoweruka. Anauza kalasi kuti umu ndi mmene amathera mwana wabodza. Patapita zaka ziwiri bambo ake a Eneida anasamutsidwanso, ndipo a Firmino sanamvenso za iye. Kumukumbukira kokha ankamukumbukira, makamaka sabata ya phunziro lija ikamayandikira.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zinayi, ng'ala inawaphimba diso lamanzere. Mwana wawo Valdina, amene anakwatiwa ku Praia, anawaitanitsa kuti akachitidwe opaleshoni. Zinayenda bwino. Atawachotsa bandeji kunali kutatsala masiku anayi kuti sitima ya ku Fogo inyamuke, ndipo Valdina ndiye anabweretsa nkhaniyo pa chakudya cha m'mawa. Anati Loweruka onse apite ku Cidade Velha, iye, mwamuna wake ndi ana, bambo akawaonetse okha malo amene akhala akuwafotokozera moyo wonse. Anati sipafunikanso wolondolera alendo pamene m'nyumba muli katswiri.

A Firmino anaika kapu pansi. Anati diso silinazolowere kuwala, sangathe kutsogolera anthu. Anatinso malo oterowo munthu amafuna kuwaonanso payekha, mofatsa. Valdina anakhumudwa pang'ono, koma anaganiza kuti mwina akukumbuka unyamata wawo, ndiye anawalozera ofesi ina ya m'tauni yokonza maulendo a alendo.

Muofesimo munali bambo wina wonenepa, akudzipepesa mphepo ndi kabuku. Atamva chilankhulo cha ku Fogo anaseka, nati maulendo amenewa ndi a azungu, munthu wa m'dziko muno amangokwera minibasi kumsika n'kukatsikira pabwalo penipeni, ndalama yake yosakwana ya mbale ya kachupa, chakudya cha chimanga ndi nyemba. A Firmino anayankha kuti akufuna munthu wowafotokozera. Bamboyo anakweza mapewa nayala timapepala titatu patebulo.

Ulendo woyamba unali wa basi yaikulu, theka la tsiku, wofotokoza wake wolankhula Chifalansa. Wachiwiri unali wongofika palinga, kujambula zithunzi n'kubwerera. Wachitatu unali wa tsiku lonse, anthu osapitirira asanu ndi atatu: m'mawa kuzungulira mzinda wonse wapansi, masana kutsata gombe mpaka kumudzi wa asodzi wa Porto Mosquito, kukadya nsomba ndi kusambira. Wofotokoza wake ankalankhula Chipwitikizi ndi chilankhulo cha pazilumbazi. Pansi pa kapepalako panali chithunzi cha mayi wa zaka za m'ma makumi anayi atavala chipewa cha mlaza, ndi dzina lake. Diso latsopano lija linawerenga dzinalo popanda vuto lililonse: Eneida Furtado.

Anafunsa kuti mayiyo ndi wa kuti. Bambo uja anati ndi wa konko ku Cidade Velha, ndipo palibe amene amaudziwa mzindawo kuposa iye, kungoti salola alendo kuchedwa.

A Firmino anasankha basi ya Chifalansa. Analipira, natuluka mofulumira ngati munthu amene waba kanthu. Anakakhala pa benchi pabwalo la m'tauni, tikiti ili m'thumba la malaya. Ankadziuza kuti zili bwino: akakhala kumbuyo, palibe akawadziwe, akaona ndi maso awo n'kubwerako. Koma atakhala pang'ono anazindikira kuti Chifalansa sadziwa ngakhale liwu limodzi. Akaona makoma ndi miyala osamva kanthu, ndipo madzulo Valdina akadzawafunsa, adzadzazamonso zawo monga kale. Anazungulira bwalolo kawiri, manja kumbuyo. Kenako anabwerera muofesi muja n'kupempha kuti awasinthire ku ulendo wachitatu. Pa dzina analembetsa kuti Pina basi, podziwa kuti a Pina pa Fogo ndi ochuluka ngati mbuzi.

Lachisanu m'mawa anavala magalasi akuda a kuchipatala ndi chipewa cha mkamwini wawo. Eneida anali ataima pakhomo pa minibasi, mndandanda wa maina uli m'manja. Anali wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka patali. A Firmino anapereka moni chapansipansi, iye anayankha, nachonga dzina, nawauza kuti akhale kutsogolo chifukwa cha diso. Iwo anakakhala kumbuyo kwenikweni. M'galimotomo munali Apwitikizi anayi, ndi mayi wina wobadwira ku Amereka, dzina lake Lúcia, ali ndi mwamuna wake.

Anayambira palinga, pamwamba pa phiri. Mphepo inali yamphamvu moti a Firmino anagwira chipewa ndi dzanja limodzi. Mizinga inalipo, yoloza kunyanja, ndipo zimenezo zinawatonthoza pang'ono chifukwa za mizinga sananame. Koma anapezeka akuyang'anayang'ana kuseri kwa makoma, pamalo pamene iwo anaimika chipilala chawo zaka zonsezo. Panali miyala ndi zitsamba zouma. Eneida ankafotokoza za achifwamba a panyanja amene anaotcha mzindawo, akutchula zaka ndi maina osayang'ana papepala, ndipo a Firmino anaona kuti amaphunzitsa bwino kuposa mmene iwo anaphunzitsirapo.

Anatsika phiri, nadutsa mabwinja a tchalitchi chachikulu, nalowa m'kamsewu ka nyumba zamiyala zofolera ndi udzu. Dzuwa litakwera anatulukira pabwalo. Chipilalacho chinali pomwepo, choyera, chowonda, chosatalika kwenikweni, pamwamba pake pali tizitsulo topindika. Nyanja inali pafupi moti mafunde ankamveka. Pamthunzi amayi awiri ankagulitsa maswiti m'mabeseni. Alendo ena atapita mbali ina kukajambula, a Firmino anakwera masitepe ake n'kuikapo dzanja. Mwalawo unali wotentha. Anachotsa dzanjalo msanga n'kulibisa m'thumba.

Ndi pamenepo Lúcia anafunsa funso lake, m'chilankhulo cha pazilumbazi chothyokathyoka. Anati mayi ake ndi a ku Fogo, ndipo kuyambira ali mwana ankamuuza za chipilala chakuda chachikulu cha paphiri, cha maunyolo, chimene aphunzitsi awo anachikhudza. Anafunsa ngati chimenecho chili kwina, chifukwa mayi akewo anamutuma chithunzi chake.

"Chilipo ndi chimodzi chomwechi, achemwali," anatero Eneida. "Chaka sichitha osabwera munthu wa ku Fogo wondifunsa za chakudacho. Ena amakwiya nane, amati ndikuwabisira. Jambulani chomwechi, amayi mukawauze kuti chinayera ndi dzuwa."

Anthu anaseka. Eneida sanayang'ane kumene kunali a Firmino. Iwo anaima chilili, akuganiza za nyumba ina ku Amereka kumene mayi wokalamba, mwana wawo wa m'kalasi, akudikira chithunzi cha chinthu chimene kulibe.

Msewu wa ku Porto Mosquito unali wa mabampu, nyanja ili kumanzere. Atafika anapeza mabwato atakokeredwa pamtunda ndipo mayi wina anali atawaotchera kale nsomba pansi pa chisakasa. A Firmino anangoitembenuza nsomba yawo m'mbale. Mwini chisakasa anawafunsa ngati yaperewera mchere, iwo nati ndi mankhwala a diso akuwachotsa chilakolako. Anazindikira kuti limenelonso ndi bodza, ndipo anadabwa mmene linatulukira mosavuta.

Alendo atapita kukasambira, Eneida anakakhala pamthunzi wa bwato lina, atavula nsapato, akuyankha mauthenga pa foni. A Firmino anayenda pamiyala mosamala mpaka anafika. Anavula chipewa, kenako magalasi, diso likutuluka misozi chifukwa cha kuwala.

"Mayi Furtado, sindikudziwa ngati mungandikumbukire."

"Valani magalasi, aphunzitsi, mungawononge diso. Ndakuzindikirani m'mawa muja mutangopereka moni. Khalani pansi."

Anakhala pa mulu wa maukonde. Mawu onse amene anakonza m'minibasi anabalalika. Ananena zimene zinatsala: kuti lero ndi tsiku lawo loyamba kuponda ku Cidade Velha, kuti tsiku lija ankadziwa kuti mwanayo akunena zoona, ndipo anamumenya chifukwa chomwecho.

Eneida anaika foni pamwendo. Anati zimenezo iye anazidziwa kalekale, ali mwana yemweyo. Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akufotokozera alendo za khoma lina. Manja anapola pa masiku atatu. Kunyumba bambo ake anamukwapulanso chifukwa chotsutsana ndi aphunzitsi, zimenezonso zinapola. Chimene sichinapole msanga ndi dzina. Zaka ziwiri zonse za ku Mosteiros ankamutchula kuti Eneida Wabodza, ndipo chilichonse chimene ananena sichinkamveka. Tsiku lina anadwala m'mimba ali m'kalasi, atanena anzake anayamba kuimba dzinalo, mpaka anadzionongera pa benchi.

A Firmino ankalikumbukira tsiku limenelo. Ndi iwo amene anamukaniza kutuluka.

Eneida anapitiriza. Anati analembera kalata agogo ake, ndipo agogowo anamutumizira khadi la chithunzi cha chipilalacho. Analisunga m'chikwama cha mabuku mwezi wathunthu, tsiku lililonse akuti lero ndilionetsa.

"Nanga bwanji sunalionetse?" anafunsa a Firmino.

"Poyamba ndinkaopa kathabwa. Kenako ndinayamba kukumverani chisoni. Ndinkaona mmene nkhope yanu inkawalira mukamanena nkhani ija, ndiye ndinati ndikaonetsa, bambo awa atsala ndi chiyani? Ndinalitaya m'chimbudzi."

Mkwiyo a Firmino akanaulandira, anali ataukonzekera. Koma kumva kuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wotupa manja, anawasungira ulemu umene iwo analibe, kunawapweteka koposa. Anapempha kuti awakhululukire. Eneida anangoti wamva. Iwo sanaumirire. Patapita kanthawi anawonjezera kuti masamu ogawa anawaphunzira kwa iwo ndipo mpaka lero salakwitsa, zimenezonso ndi zoona. Kenako anavala nsapato, nati ngati akufunadi kuchitapo kanthu, akawauze anthu a ku Mosteiros, chifukwa iye watopa kukangana ndi ana awo pabwalo paja. Anaimirira n'kukaitana alendo kuti atuluke m'madzi, nthawi yatha.

Pobwerera a Firmino anakhala kutsogolo monga anauzidwira m'mawa. Potsika ku Praia anamudikira Lúcia, namufunsa dzina la mayi ake. Analidziwa: kamtsikana kamanzere kamene kankakhala pafupi ndi zenera. Anamuuza kuti mphunzitsi uja ndi iwowo, ndipo amayi akawauze kuti a Firmino ananama. Lúcia sanamvetse bwino. Anakondwa kwambiri, nawakumbatira, napempha mwamuna wake kuti awajambule limodzi.

A Firmino anamuuza Valdina zoona madzulo omwewo, mwanayo akusenda mbatata kukhitchini. Iye sanaseke, sanakalipenso. Anangoti nkhani imeneyo anaifotokozapo kwa apongozi ake, kwa anzake a kuntchito, ndi kwa ana ake omwe, ndipo apongoziwo, amene ndi a ku Santiago konkuno, anangomwetulira. Tsopano wadziwa chimene ankamwetulira. Masiku otsalawo analankhulana zochepa. Ku doko anawakonza kolala ya malaya n'kuwakumbutsa kuti mankhwala a m'diso ndi katatu pa tsiku.

Atafika ku Mosteiros anachita zimene analonjeza. Anayambira pa amuna amene amakhala nawo pakhonde la sitolo ya a Quintino Misa ikatha, onse ana awo a m'kalasi, ena a imvi kale. Anavula chipewa n'kunena zonse mwadongosolo, ndi za Eneida zomwe. Anthuwo anamvetsera mwaulemu monga ankachitira kale. Atamaliza, a Quintino anati n'zodziwikiratu kuti boma linasintha chipilalacho pokonza malowo kuti akope alendo, chakuda chija mwina chili ku Lisbon. Wina anati opaleshoni ya maso imasokoneza mitundu, azakhali ake anayamba kuona mbuzi zobiriwira. A Firmino anabwereza kuti sanafikeko, anali asanafikeko chibadwire. Amunawo anayang'anana, ndipo wina anawabweretsera mpando wabwino ndi kapu ya khofi.

Sabata yomweyo mbiri inazungulira kuti aphunzitsi ayamba kuiwala. Amayi anayamba kuwatumizira chakudya, ndipo akamapita kumunda wawo wa khofi sipalephera kupezeka munthu wowaperekeza kuti angasochere. Iwo amanenabe nkhaniyo kwa aliyense amene waima kuti awamvere. Mpaka pano amene anawakhulupirira ndi awiri: wansembe, amene ndi wa ku Santiago, ndi mayi wina wogulitsa nsomba amene anati iye ankakhala benchi imodzi ndi Eneida, ndipo kuyambira tsiku limenelo akakumana nawo panjira amangodutsa osawapatsa moni.